Tawuni ya Machumuni

Mwana wathu Tahlia atagonekedwa m'chipatala kachitatu m'chaka chimodzi, dokotala sanazungulire. Anati mphumu yake imadana ndi zinthu ziwiri, chisanu ndi utsi wa nkhuni, ndipo kwathu ku Ballarat zonse ziwirizi n'zosasowa. Ngati tikufuna kuti mwana azipuma bwino, tisamuke.

Mwamuna wanga Brenton anangoti, "Basi, tipite ku Queensland, kotentha kuja." Ndinamuyang'ana kawiri, chifukwa utsi umene ankanena dokotalawo ndi umene umatidyetsa. Brenton amaika mbaula za nkhuni zowothera moto m'nyumba za anthu, amamanga machumuni ndi kuwapala mwaye. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake akadali mnyamata, ndipo lero, imvi zili mbuu, palibenso ina imene manja ake amaidziwa. Ine ndimangoyankha foni ndi kumuuza kolowera.

Sukulu zitatsekera kumapeto kwa June tinakwera pikapu yake, makwerero ali pamwamba, dzina lake lili pachitseko, ulendo wokasankha tawuni. Papepala langa ndinalemba matawuni awiri a m'mbali mwa nyanja, Hervey Bay ndi Bundaberg. Tinayenda masiku atatu.

Munthu wina akafika malo achilendo amayang'ana sukulu, chipatala, mashopu. Brenton amayang'ana madenga. Zaka khumi ndi zisanu ndili naye pabanja, koma mpaka lero sindimvetsa kuti zimatheka bwanji kuti sanagundepo munthu, poti akamayendetsa galimoto khosi limakhala lili chagada.

Ku Hervey Bay Tahlia anavula juzi n'kuthamanga pamchenga mpaka kutuluka thukuta. Mwezi wa July, mwana wanga akuthamanga! Masiku atatu onse kabotolo kake kopopera mankhwala kanangokhala m'chikwama changa. Ndinalira pamalo oimikapo magalimoto, anthu akundiona, ndipo ndinalibe nazo ntchito. Brenton anatizungulitsa msewu ndi msewu maso ali pamadenga.

"Waona machumuni angati?" ndinamufunsa.

"Chimodzi. Nachonso mbalame zamangamo chisa."

"Anthu kuno amafuna makina oziziritsa m'nyumba. Ukhoza kuphunzira."

"Ndi mutu uwu? Ndikakhale pabenchi zaka zinayi ndi tiana tosamera ndevu, tizinditi agogo? Nanga inu pakadali pano muzidya mchenga?"

"Ndiye ukuti bwanji, mwana azidya utsi?"

Ndinadziluma lilime, poti Tahlia anali kumbuyoko akumva zonse. Ku Bundaberg zinali chimodzimodzi, madenga osalala okhaokha. Brenton anasiya kudya. Ankangotembenuza chakudya m'mbale.

Pobwerera anasiya msewu wa kunyanja n'kulowera kumtunda. "Pali tawuni ina imene palibe papepala lakolo," anatero. "Nayonso ndi Queensland, usandiyang'ane choncho."

Tinakwera mapiri, tinadutsa minda ya maapozi yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, mpaka tinafika ku Stanthorpe masana. Nditangotsegula chitseko mphepo inandimenya kumaso ngati ya kwathu. Khonde lililonse linali ndi mulu wa nkhuni, denga lililonse chumuni, ena awiri. Brenton ankawerenga mokweza.

"Brenton, watiyendetsa mtunda wonsewu kudzatipezera Ballarat wina?"

"Kuno mpweya ndi wouma, Kirrily. Si chinyezi cha kwathu chija. Paja dokotala anati Queensland."

"Anati Queensland ndiwe. Dokotala anati utsi."

Tinaima pa shopu ya buledi kuti tigule chakudya. Mwini wake, Mayi Zanatta, anasuzumira pawindo, n'kuwerenga dzina pachitseko cha pikapu, n'kutuluka ufa uli m'manja.

"Achimwene, ndinu a machumuni zoona? Mulungu wakutumani! Amene amatipalira anathyoka chiuno, wasiya. Changa chikubweza utsi m'nyumba chiyambire May, ndikungokhala ngati nsomba yowamba. Tiyeni mukachione, si patali."

Tisanamalize kudya, anthu ena awiri anali atapempha nambala ya foni.

Ndinene zoona, ngakhale zikundiwawa. Chichokereni kuchipatala, Brenton ankayenda ngati munthu wopalamula. Mbaula ya m'nyumba mwathu anaizula yekha ndi manja ake. Akaweruka ankavulira zovala m'galaja, pozizira, kuti asabweretsere mwana mwaye. Kuseka anali ataiwala. Ndiye apa ndinamuona akutsitsa makwerero kunyumba kwa Mayi Zanatta akuimba mluzu, mapewa atawongoka, akuwaseka mayiwo kuti chumuni chawo chinapalidwa komaliza iwo akadali namwali. Ndinamukonda kwambiri nthawi imeneyo, komanso ndinkafuna kumuponya mwala.

Bwalo la nyumbayo linali lotsetsereka, choncho anandiuza kuti ndigwire makwerero. Ndinagwira. Inali itangodutsa folo koloko, dzuwa likupendeka, ndipo anthu anayamba kusonkha moto nyumba ndi nyumba. Utsi wake sunkakwera kumwamba. Unkangotuluka n'kugona pamadenga, kenako n'kutsikira mumsewu pang'onopang'ono, mpaka mitengo ya kutsidya inayamba kuoneka mwa chimbuuzi. Ndinaumva pakhosi ineyo amene ndilibe mphumu.

Nditacheuka, Tahlia sanali pomwe ndinamusiya. Ndinamuona atanjuta kuseri kwa pikapu, kumene bambo ake sakanamuona ali padenga. Chikwama changa chinali chotsegula. Kabotolo kaja anakabisa m'dzanja la juzi, n'kupopera kawiri, nkhope ataloza pansi. Atadziwa kuti ndamuona anabwera pafupi, akuyenda pang'onopang'ono monga amachitira chifuwa chikamugwira.

"Amami, musawauze adadi."

"Wayamba liti?"

"Titangotsika m'galimoto." Anapuma, ndipo ndinamva kamluzu kaja m'chifuwa mwake. "Koma si kwambiri. Ndizolowera. Tamvani, akuimba."

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kundiuza kuti azolowera. Ndinafuna kumunyamula, kumuponya m'galimoto, kutseka mawindo n'kuyendetsa osaima mpaka kunyanja. Koma Brenton anali atafika kale m'mphepete mwa denga, nkhope yonse mwaye, mano okha akuyera, phazi limodzi likufufuza makwerero.

"Tali!" anaitana. "Iwe ndiye bwana wamkulu pano. Tawuni ino waiona bwanji?"

Tahlia anakoka mpweya kamodzi, sunakwane. Anakokanso, mapewa akukwera mpaka m'makutu.

"Ndaikonda, adadi! Tikhale kuno!"

"Wamva, Kirrily? Wamva wekha!" Anayamba kutsika akuseka, thupi lake lonse likulemera pamakwerero, ndipo makwererowo anayamba kutsetsereka pa udzu wonyowa. Ndinaponda ndi phazi, n'kukanikiza ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwanga mwana anali atagwira m'mawondo, akutsokomolera m'juzi kuti zisamveke, ndipo ine ndinalibe dzanja loti ndimugwire nalo.