Ekisireyi ya Bambo Godfrey

Ursula anabwerera kwawo ku Machinjiri kuchokera ku yunivesite ya ku Joni ntchito yake isanathe. Ankaphunzira kemisitiri ya pakompyuta. Anzake kumeneko anawomba ndi kuwala kwa ekisireyi molekyu ina, kagulu ka maatomu kokhala ndi chitsulo, n'kuthothola maelekitironi a mkatikati mwa atomu. Iye ankayenera kuwerengetsa pakompyuta mpaka zotsatira zifanane ndi zomwe anzakewo anayeza.

Sizinkafanana. Pagirafu ya anzake panali nsonga zitatu. Njira yosavuta inkamupatsa imodzi. Njira yovuta, yoganizira kuti maelekitironi a chitsulo amakankhana, wina akasuntha onse amasuntha, inkamupatsa zinayi. Sankadziwa ngati wolakwa ndi iye, kompyuta, kapena anzakewo.

Loweruka m'mawa ali pakhonde ndi laputopu, kunabwera Bambo Godfrey, oyandikana nawo nyumba, atanyamula envulopu yaikulu.

"Amayi anu akuti munaphunzira za ekisireyi," anatero. "Tandionerani, mwanangu. Kuchipatala amayankhula mothamanga, sindinamve."

Anasolola chithunzi cha chifuwa chawo.

"Bambo, yanga si imeneyi ayi. Ine ndimaona za chitsulo."

"Chitsulo? M'chifuwa mwangamu?"

"Ayi, m'molekyu. Timachotsa elekitironi m'kati..."

"Ndiye andichotsa chiyani?" Anakhala pansi msangamsanga, akutsokomola.

Ursula anakweza chithunzicho kudzuwa. Nthiti anaziona. Panalinso choyera chachikulu chopendekera mbali imodzi. Kodi ndi mtima, kapena matendawo? Anachitembenuza, choyeracho chinapita mbali inayo.

Amayi ake anatuluka m'nyumba atamva chifuwa chija. "Wawauza chiyani?"

"Palibe. Sindidziwa, amayi."

"Zaka zonsezija?"

Bambo Godfrey ankayang'ana uku ndi uku, kudikira kuti wina anene zomveka.

Lolemba Ursula anakwera nawo minibasi mpaka kuchipatala. Dokotala anayang'ana chithunzicho pang'ono chabe. Choyeracho unali mtima, koma m'munsi mwa phapo lakumanja munali kamthunzi kamene Ursula sanakaone n'komwe. Anati chingakhale chibayo, chingakhale TB, ayambe ayeza makhololo. Ursula anapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, ndipo anabwereza.

Potuluka Bambo Godfrey anali atagwira kabotolo kopanda kanthu.

"Ndiye mawa m'mawa ndilavulire umu?"

"Eee, musanadye."

"Mundiperekezanso?"

Ursula anavomera.