Khasu pa Manda a Titus

Sylvia anawapeza Mayi Ethel, Mmalawi mnzake, atakhala pa ndowa yovundikira pakati pa dimba lawo, kalata ili m'manja, magalasi ali pamphuno koma osawerenga.

"Achemwali, makalata achikondi pa msinkhu umenewu?"

"Tawerenga," anatero Mayi Ethel.

Sylvia anawerenga, kuseka konse kunatha. Kalatayo inachokera ku komiti ya madimba. Loweruka m'mawa kudzakhala msonkhano, nkhani yake imodzi yokha: Mayi Ethel apitirize kulima kapena alandidwe dimba, chifukwa anawononga maluwa a kumanda a tchalitchi.

Paja madimbawo anali m'katauni kakang'ono kufupi ndi Loughborough, ndipo aliyense ankawatchula kuti Munda wa Titus. Titus Wren anali munthu wakuda amene anamubweretsa ku Mangalande ngati kapolo zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Atamasulidwa ankaluka masokosi mpaka anagula malo, ndipo pomwalira anasiyira tchalitchi malowo kuti azilimapo anthu opanda munda. Dzina lake linali pa geti, pa siteji ya basi, ngakhale pa shopu ya tchipisi. Koma za pomwe anagona, munthu sankazikamba n'komwe.

Mayi Ethel anadikira dimba limeneli zaka zinayi. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba, n'kumagona m'kachipinda ka lendi kopanda ngakhale khonde. Kudimba kokha ndi kumene kunalibe wowaitana kuti adzamutembenuze. Mpiru, nyemba, nkhwani, zonse zinkatuluka m'menemo, ndipo theka la Amalawi a ku Leicester linalawako.

Ndiye tsiku lina akudutsa chidule kumanda anapunthwa pa mwala pakona ya mpanda, m'udzu wofika m'chiuno. Anapatula udzuwo n'kuona dzina lija la pa geti. M'mawa mwake anabwera ndi khasu ndi tsache. Analambula monga amachitira kwawo, malo aakulu ngati chipinda, mpaka dothi kuoneka mbee, mwala n'kuutsuka ndi sopo. Mayi Pickering, mkulu wa mpingo amenenso anali wapampando wa komiti ya madimba, anawapeza akusesa. Akuti anangogwira mpanda. Udzu uja sunali tchire ayi. Anali maluwa akutchire amene mpingo unachita kufesa ndi kusamala zaka zitatu kuti njuchi zizipeza chakudya.

"Inunso, ndani anakutumani?" anafunsa Sylvia. "Ndi amalume anu? Kwa eni kulibe mkuwe, achemwali. Mukangoti sole, mumayesa ndi tchire, simudzabwerezanso. Anthu akuno sole amamukonda kuposa tiyi."

"Nkhwani umatenga panowu umayesa ndi wa ndani?"

"Ndi wanu."

"Ndi wa bambo ujayo, Titus."

Loweruka anakumana m'kashedi kosungira makasu, anthu asanu a komiti pa mipando yapulasitiki. Mmodzi anali Bambo Haroon, mmwenye wobadwira ku Limbe amene anali ndi shopu mutaunimo. Anawatsata Mayi Ethel pakhomo n'kunong'ona m'Chichewa.

"Amayi, ndawanyengerera kale. Inu ingopepesani, mulonjeze, tizipita."

Mayi Pickering anafotokoza zonse mofatsa, maso ali papepala. Pomaliza anati, "Tikufuna mulonjeze kuti simudzakhudzanso malo amene aja. Mukalonjeza, dimba ndi lanu."

Mayi Ethel anaimirira. Chingerezi chawo chinali chapang'onopang'ono, koma chinamveka.

"Za maluwa ndikupepesa. Sindinadziwe kuti munachita kufesa, ndipo ndifesa ena ndi manja angawa. Koma zoti ndisadzasesenso, sindilonjeza."

Bambo Haroon anatseka maso. Sylvia, amene anaima pakhomo, anayang'ana kudenga.

"Ndimadya za m'munda mwake," anapitiriza Mayi Ethel. "Kwathu munthu amene anakupatsa munda sumusiya m'tchire. Ine ndine wa ku Nkhotakota. Kumeneko anthu ambiri anatengedwa ukapolo, ndipo mpaka lero palibe akudziwa komwe anagona. Uyu pomwe anagona tikupadziwa. Ngati n'kulanda dimba, landani, koma Lamulungu ndikasesa."

"Ife sitinamutaye," anayankha Mayi Pickering. "Kuno maluwa pamanda ndi ulemu. Amuna anga agona m'maluwa omwewo."

Mayi Ethel anaweramitsa mutu, chifukwa zimenezo sankazidziwa.

Kenako Bambo Haroon anakhosomola. "Ndifunseko chinthu. Ine ndalima muno zaka khumi ndi zisanu. Ndani mwa ife akanatha kuloza manda a Titus mwezi watha?"

Palibe anakweza dzanja. Mayi Pickering anati ankadziwa kuti ali chakumpanda, koma malo enieni ayi.

"Tiyeni tikaone kaye tisanavote," anatero Bambo Haroon.

Anawoloka msewu onse, Sylvia ali pambuyo. Malo olambulawo ankaonekera patali ngati chigamba. Mayi Pickering anayang'ana kaye mulu wa maluwa ouma pambali, nkhope n'kugwa. Kenako anawerama pamwalapo. Pansi pa dzina la Titus, pomwe kale panakwiririka ndi dothi, panali mizere ina iwiri: Hannah, mkazi wake, ndi Ruth, mwana wawo, wa zaka zinayi.

"Ndabadwira m'tauni muno," anatero Mayi Pickering chapansipansi. "Sindinkadziwa kuti anali ndi mwana."

Atadzuka anaima pamutu pa mwalawo, n'kuponya phazi limodzi kutsogolo, n'kuzika kamtengo. Anatero mbali zonse zinayi.

"M'kati mwa timitengoti muzisesa. Kunjaku mufesa maluwa, mbewu ndikupatsani ine. Khasu lisadzalowenso muno. Alipo wotsutsa?"

Panalibe. Mayi Ethel anayang'ana kamalo kaja, kochepa kuposa mphasa.

"Ndi kakang'ono," anatero.

"Ndi kamene ndingathe."

"Chabwino."

Pobwerera Sylvia anawakodola ndi chigongono. "Ndiye mwapeza apongozi ku Mangalande. Dimba mukanalitaya chifukwa cha munthu woti simunamuonepo."

"Iyenso sanandionepo," anayankha Mayi Ethel.

Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, anthu anaona Mayi Ethel pakona paja ali chogwada, akuzula udzu ndi manja. Khasu analisiya kudimba. Atamaliza kusesa m'kati mwa timitengo, anafunsa Mayi Pickering pomwe anagona amuna awo. Anapita nawo, n'kuima pamenepo limodzi, tsache lili kumbuyo, osakhudza duwa ngakhale limodzi.