Bakha wa Bambo Mazira

Pa kiriketi, womenya mpira akatuluka asanapeze rani, chigoli cha masewerawa, ngakhale imodzi, timati wapeza bakha. Amene anayambitsa mawuwa sindimudziwa, koma ndi mawu ongosekerana basi. Palibe bakha weniweni amene amabwera. Aliyense amene anagwirapo bati, thabwa lomenyera mpira, amazidziwa zimenezi, kupatula Bambo Mazira.

Bambo Mazira ndi amene anagula timu yathu ya amayi ligi itatsala pang'ono kuyamba. Anali ndi makola a nkhuku ndi abakha kunja kwa tawuni, ndiye malaya athu anawasandutsa achikasu, chidzira chachikulu pachifuwa. Za kiriketi sankadziwa ngakhale kogwirira bati. Pa masewero oyamba anakhala pafupi ndi benchi yathu, thukuta lili kamukamu, akutokosa m'mano ndi kiyi wa galimoto. Mtsikana wathu wina atatuluka wopanda kanthu, wolengeza anafuula pa chimkuzamawu kuti, "Wapeza bakha ameneyo!"

"Bakha? Ali kuti?" anafunsa Bambo Mazira, akusuzumira pansi pa benchi.

Atawafotokozera, anaseka mpaka kutsamwa. Sabata yotsatira anatulukira m'chipinda chathu chovalira, osagogoda n'komwe, atanyamula chitete cha waya. M'katimo munali bakha wamoyo, woyera, wa nkhope yofiira.

"Kuyambira lero, wotuluka wopanda kanthu azinyamula uyu," anatero. "Masewero akatha azizungulira naye bwalo lonse anthu akuona, kenako azipita naye kwawo mpaka wina adzamulandire. Lamuloli ndi la aliyense. Tione ngati simumenya mpira!"

Mphunzitsi wathu anaseka nawo, kuseka kwa munthu woopa kuchotsedwa ntchito. Akapiteni, mayi wamtali amene nkhope yake inali itakwera kale pa zikwangwani za mazira m'misewu, anawomba m'manja. Ine ndinangotsonya. Ndine woponya mpira, ndipo ndimamenya pomalizira penipeni. Ligi yathu ndi ya masewero afupiafupi, timu imamenya maova makumi awiri basi, ova iliyonse mipira isanu ndi umodzi, ndiye nthawi zambiri amatha ndisanavale n'komwe magolovesi. Bakhayo sakanandipeza. Amene ndinkamudera nkhawa ndi mng'ono wanga.

Kwathu timamutcha Mzime poti ndiye womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka ku timu. Ndine ndinamugwiritsa bati koyamba, ali kamwana, ndipo ndine ndinamukokera ku timuyi. Chaka chimenechi chinali chake choyamba. Ankatsegula masewero limodzi ndi Akapiteni, pamene mpira uli watsopano, oponya asanatope. Bakha amakonda pamenepo.

Amene sanakhalepo ndi bakha m'chipinda asandiuze za fungo. Nkhuku ili ndi ulemu, zitosi zake umangosesa. Bakha amathira phala lobiriwira, ndipo sapuma. M'chipinda chovalira anaipitsa mataulo, nsapato, ngakhale chipewa cholimba cha mtsikana wina, amene anazindikira atachivala kale. M'basi dalaivala akaponda mabuleki, zinthuzo zinkayenderera pansi kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ife miyendo ili m'mwamba. Tinkafika ku masewero tili ndi nseru, kenako n'kumati timenye mpira.

Bakhayo anagona kwa atsikana awiri, kenako anagwera Mzime. Ndinamuona akuzungulira bwalo, chitete chikumudonthezera pa buluku, mutu atazyolika. Amuna amene sanabwerepo kudzaonera kiriketi ya amayi anali atayamba kudzaza mipando. Sankabwerera mpira ayi. Ankadikira chitete, mafoni ali m'mwamba, akukuwa kuti "Kwaa! Kwaa!" Bambo Mazira kanemayo anamuika pa tsamba la kampani yawo, ndipo anthu anamuonera kuposa masewero onse amene tinapambana. Pofika Lolemba, ngakhale wogulitsa tomato wa pakona anali akumuitana mng'ono wanga kuti Amake Bakha.

Chimene chinandinyansa kuposa zitosi ndi mmene timu inawolera. Pa kiriketi omenya amakhala awiri, wina uku wina uko, ndipo rani imapezeka akathamanga n'kusinthana malo. Adani akagenda ndi mpira timitengo titatu tozika pamalo omenyera iwe usanafike, watuluka. Ndiye pamafunika kukhulupirirana, mnzako akati tiye, umathamanga osafunsa. Koma chibwerereni bakha, aliyense ankangoganiza za rani yake yoyamba. Akaipeza ankapumira m'mwamba ngati ntchito yatha. Za timu palibe ankazilabadira, ndipo tinayamba kugonja motsatizana.

Bakha atachoka kwathu kupita kwa mtsikana wina, tinakolopa nyumba yonse ndi sopo wa m'chimbudzi. Sanachedwe kubwerera. Masewero otsatira Akapiteni anakakamira pa ziro, mipira ikungowadutsa. Kenako anaugunda pang'ono, molunjika kwa mdani, n'kukuwa kuti, "Tiye!" Mzime anathamanga. Akapiteni ataona kuti mpira wagwidwa kale, anatembenuka n'kubwerera pamalo pawo, kumusiya mwanayo ali pakati pa njira. Adani anagwetsa timitengo take iye asanamenye mpira ngakhale umodzi. Akapiteni anangoweramira magolovesi awo, kumawakonza.

"Mwana ameneyu samva," anatero m'chipinda chovalira. "Ndinati bwerera."

"Munati bwerera atafika kale pakhomo panu, akulu," ndinayankha. Mphunzitsi anati tisiye zolongolola, ndipo chitete chinakwera nafe basi.

Ine ndi Mzime timakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kuli kabwalo ka simenti ndi mpopi. Ulendo uno Mzime sanalire. Anatenga beseni langa lochapira, lija labuluu, n'kudzaza madzi, bakha n'kulowamo.

"Iwe, beseni langalo!"

"Akasamba sanunkha kwambiri, asisi. Inunso mukanakhala mu waya tsiku lonse mukananunkha."

M'mawa uliwonse ndinkamuponyera mpira pa kabwaloko tisanapite kokonzekera. Bakhayo ankakhala pafupi ndi mpopi, mutu atapendeka, akutsatira mpira ndi diso limodzi. Mzime akaumenya bwino, iye ankagwedeza mutu kutsogolo ndi kumbuyo monga amachitira abakha. Mzime anamutcha Kochi.

"Uyu yekha ndi amene amandionerera osandinyoza," anatero.

Ine chinyamacho chinkandinyansabe, ndisaname. Ndinaterereka pa zitosi zake ndikupita kosamba, ndipo ndinamutukwana iye ndi makolo ake onse a ku khola. Koma nthawi yokhayo imene ndinkamva mng'ono wanga akuseka ndi pamene Kochi akumutsatira pambuyo, akupendapenda, kumukoka chingwe cha nsapato. Atsikana ena anali atachenjera ndi rani yoyamba ija, choncho bakha anakhazikika kwathu masabata ambiri. Lamulo linati wosunga bakha azizungulira naye bwalo masewero alionse, kaya wamenya bwino kaya ayi.

Tsiku lina tikuanika malaya achikasu aja, Mzime anati, "Asisi, ligi ikatha ine ndisiya."

Mwana ameneyu ali ndi manja amene ine ndilibe. Ndinamuuza kuti zopusazi zitha, kuti Bambo Mazira atopa nazo, kuti asataye luso lake chifukwa cha anthu okuwa.

"Okuwawo alibe kanthu," anayankha. "Anati lamulo ndi la aliyense. Ndikadzaona wamkulu mmodzi akuzungulira bwalo ndi chitete chimenechi, ndidzadziwa kuti ndi nthabwala ya tonse, ndipo ndidzapirira. Apo ayi, ndiye kuti ankangofuna munthu womuseka."

Masewero omaliza anatipeza tili pansi penipeni pa ligi. Kupambana kukanatichotsa pamenepo, basi, palibe chikho chimene tinkalimbirana. Tinayamba ndife kumenya. Akapiteni anaima, woponya anathamanga, ndipo mpira woyambirira weniweniwo unadutsa pakati pa bati ndi mwendo n'kuzula kamtengo kapakati. Bwalo lonse linayamba "Kwaa! Kwaa!" Akapiteni anayenda kubwerera ku benchi nkhope ili gwa, osayang'ana chitete chimene chinali pamthunzi pafupi ndi chidebe cha madzi. Ndikanakhala munthu wabwino ndikanawamvera chisoni. Ndinaluma thaulo kuti kuseka kusamveke.

Tsiku limenelo Mzime anamenya mpira umene ndinkaudziwa ine ndekha ndi Kochi. Ankautumiza kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu wa woponya. Anadutsa marani makumi asanu akadali ndi njala ya ena. Amuna a mafoni aja anayamba akhala chete, kenako anawomba m'manja mwamanyazi. Atakweza bati anayang'ana kwa ine, ndipo ndinachita kutembenuka kuti atsikana asaone misozi.

Pa nthawi yopuma anandipeza ndikumanga nsapato. Maso ake anali owala.

"Asisi, ndiwauze Akapiteni kuti Kochi amafuna kusamba m'mawa. Ndipo asamupatse zotsala zamchere, zimamutsegula m'mimba. Beseni lija ndiwabwereka, musakwiye."

"Ubwereke beseni langa? Kwa mayi ameneyo?"

"Si kwa iwo, ndi kwa Kochi." Anaseka. "Chaka chamawa mundiponyere mipira yothamanga kwambiri, ya m'mawa uno inali yofewa."

Chaka chamawa. Ndinatuluka kukaponya mpira mawu amenewo akundiimba m'makutu. Ndinaona kuti chitete sichinalinso pamthunzi paja, koma ndinaganiza kuti wina wachisunthira kosafika dzuwa. Tinawaponyera adani mosawapatsa mpata, ndipo tinapambana dzuwa likadali pamwamba.

Anthu sanachoke m'mipando, ankadikira chitete. Koma Bambo Mazira anatikusa ngati nkhuku zawo. "Tiyeni, tiyeni ku holo! Chakudya chotsekera ligi chikuzizira!"

Holoyo ndi chipinda chachitali cha kuseri kwa bwalo, cha mafani osazungulira. Anali atalumikiza matebulo n'kuyala nsalu yachikasu. Tinakhala ndi thukuta lathu lomwelo, ena mapadi otchinjiriza miyendo asanavule. Pakati pa tebulo panali mbale yaikulu yovundikira. Bambo Mazira anayankhula nthawi yaitali za mazira. Atangopuma, Mzime anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Pepani bambo, anthu akudikira panja. Bakha ali kuti? Lero ndi wa Akapiteni."

Mphunzitsi anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo la madzi.

"Aa, mwana wanga, mwambo uja watha lero," anatero Bambo Mazira. "Akapiteni ndi nkhope ya kampani. Nkhope ya kampani singayende ndi zitosi, anthu angaleke kugula mazira. Ndiye ndati tithane nazo mwachisangalalo." Anavundukula mbale ija. "Iwe ndi amene wamunenepetsa chonchi, uyambe ndiwe. Idya manyazi ako!"

Anali atamuwotcha Kochi wathunthu, miyendo ili m'mwamba, mafuta akuyenderera m'mbale. Fungo lake linadzaza chipinda, ndipo choipa n'chakuti linali fungo labwino. Atsikana ena anaseka, kuseka kofuna kuona ngati ena aseke. Akapiteni anatambasula dzanja, kuthyola ntchafu, n'kuluma. Mafuta anawatsikira pachibwano, iwo n'kuwanyambita. Ndaonapo zonyansa zambiri chaka chimenechi, m'basi, m'nsapato, m'chipewa, koma pakamwa ponyezimira pamenepo ndi pamene panandibweza malovu owawa kukhosi.

Mzime anatembenuka. Anatuluka pa khomo la kukhitchini. Ndinkati ndimutsatire, koma anabwerera msanga atanyamula chitete chija, nthenga zoyera zitamatirira ku waya, pansi pake pakudontha. Anachiika pa nsalu yachikasu, pakati pa mbale ya Akapiteni ndi galasi lawo. Anasolola magolovesi amene anali atawapanira m'chiuno n'kuwaponya m'katimo. Anaikamo chipewa cha timu. Pomaliza analowetsamo bati yake, chogwirira chili kunja poti sinakwanemo.

"Mwatuluka opanda kanthu, akulu," anatero mosakweza mawu. "Nyamulani."

Akapiteni anasiya kutafuna. Bambo Mazira anayamba kunena kuti ana a masiku ano sadziwa nthabwala. Ine ndinakankha mpando, ndipo ndisanatuluke ndinawauza kuti nthabwala yawoyo ayidye okha, asasiye ndi mafupa omwe.

Ndinamupeza pa siteji ya basi atavala malaya ake a kunyumba, achikasu aja atawasiya pa mpanda wa bwalo. Panjira mwamuna wina anamuzindikira n'kuyamba "Kwaa," koma ataona nkhope yanga anameza mawu ake.

M'mawa mwake ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinatenga mpira ndi bati yanga yakale, n'kutuluka kuseri. Simenti inali yoyera, atakolopa kale. Mzime anali pa mpopi akutsuka beseni labuluu lija, mkati ndi kunja, mobwerezabwereza.

"Ndikuponyere ingapo," ndinatero. "Yothamanga, monga unanenera."

Anatsanula madzi, kulipukuta ndi nsalu, n'kundipatsa m'manja.

"Beseni lanu ili, asisi. Zikomo."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinaima pamenepo, beseni dzanja lino, mpira dzanja linalo. Kenako ndinaika beseni pansi n'kuponya mpira, wothamanga kuposa yonse imene ndinaponya chaka chimenecho. Unagunda khoma n'kubwerera kwa ine.