Kiyi Yatsopano Imabwera Yakale Ikafa

Mu ofesi monse ankawatchula kuti a Zala, chifukwa akayamba kutaipa makalata zala zawo zinkangomveka ngati matalala pa malata. Maso awo anafa ali mwana. Chimene chinkawawerengera zonse chinali pulogalamu yolankhula ya m'kompyuta yawo yakale, imene inkabwebweta m'khutu mwawo paliwiro loti munthu wina sakanatolapo kanthu.

Lolemba m'mawa anagunda katoni ya kompyuta yatsopano pa desiki pawo. Kampani inali itagula makompyuta a mtundu wina, ndipo mayi woona za makompyuta anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"Bambo, ndisakubisireni," anatero mayiyo. "Laisensi ya pulogalamu yanuyi ndi ya makina amodzi. Eni ake amalola kusamukira ku mtundu wina kamodzi kokha, koma tiyambe taitseka pa kompyuta yakaleyi. Tikatseka, kubwerera kulibe."

"Bwanji osayamba mwayesa ukoko, ndimve kaye?"

"Sizitheka. Kiyi yatsopano, nambala yotsegulira pulogalamuyi, amatumiza akaona kuti yakale yafa."

"Nanga ikakana kulankhula?"

Mayiyo anangoyamba kutsegula katoni. A Zala anachita mantha enieni. Abwana anali atanena kale kawiri, ndi kaulemu kawo kapakamwa kaja, kuti mwina nthawi yokapuma yakwana. Ndani angasunge wotaipa amene sangawerenge zimene wataipa?

Batani lotsekera pulogalamuyo a Zala analidina okha. Mawu aja anafunsa ngati akutsimikiza, iwo n'kuvomera, basi zii. Anayamba kumva zinthu zimene sankazimva: supuni ikuzungulira m'kapu, mpando wa mnzawo ukulira. Anakhala choncho mphindi makumi anayi, manja ali pa kiyibodi yosayankha.

Kenako kiyi ija inafika. Kompyuta yatsopano inalankhula ndithu, koma mawu ake anali achilendo, aulesi, ngati munthu wongodzuka kumene.

"Mwaona? Zatheka!" anatero mayi uja mosangalala, akutolera mawaya ake.

Nthawi yomweyo abwana anaima pakhomo. "A Zala, ndakutumizirani kalata. Muikonze isanakwane leveni."

Zala zawo zinathamangira pamene zinazolowera. Mawu aja anati palibe chimene chasankhidwa. Anayesanso, china chake chinatseguka, kapena chinatsekeka, iwo sanadziwe. Mabatani onse amene zala zawo zinaloweza zaka khumi ndi chimodzi anali a makina amene anali atangowatseka okha.

Nsapato za abwana zinali zisanachoke pakhomo paja. A Zala anatembenukira kumene mawaya ankakhwekhwerezeka. Chilowereni mu ofesi muja anali asanapemphepo munthu chinthu chimenechi.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "musanapite, tandiwerengerani zimene zalembedwa apa."