Zitseko za Bambo Doring

"Silituluka ili," anatero Crispulo akupinda tepi yoyezera. "Pokhapokha tilipendeketse."

Mchemwali wake, Luningning, anayang'ana bokosi la bambo awo, kenaka khomo. Bokosilo anasankha ndi iyeyo pa foni ali ku Milan, ku Ulaya, komwe watha zaka zambiri akusambitsa nkhalamba za eni. Anasankha lalikulu, loyera mbee, la zogwirira zamkuwa. Anyamata a kampani ya maliro analilowetsa cham'mbali lili lopanda kanthu, thupi n'kuligonekamo pambuyo. Za potuluka palibe anaziganiza. Misa inali masana omwewo, ndipo kwawo kuno ku Cavite ngakhale mwana amadziwa kuti bokosi likakhudza mphuthu potuluka, imfa imabwerera kudzatenga wina m'nyumbamo.

"Bambo anu sapendekeka," anatero mayi awo, a Perpetua, ali kumutu kwa bokosilo, osatembenuka.

"Pang'ono chabe, amayi. Sadziwa n'komwe."

"Ndidziwa ine."

Crispulo anacheukira mchemwali wake. "Mwaonatu, achemwali? Mukanagula la anthu wamba bwenzi pano tikumwa khofi. Koma ayi, aku Ulaya akufuna kuti msewu wonse udziwe kuti afika."

"Ukanandiuza kuti khomo linachepa."

"Khomo silinachepe. Munaliiwala."

Luningning anatembenukira kumaso kwa nyumba. Chomwe sanaiwale ndi khoma lakumaso, lomwe tsopano linabisika kuseri kwa mashelefu a okala ya Crispulo, odzaza zitini za nsomba, sopo ndi ndudu. Limenelo silinali khoma ayi.

Bambo Teodorico, omwe aliyense ankawatcha Doring, unyamata wawo wonse anauthera pa sitima yankhondo yonyamula akasinja. Anaipanga ndi Aamerika pa nkhondo yawo, n'kudzaisiya kuno itatopa, monga amachitira ndi zovala. Kunsi kwake kunali kophwatalala ngati beseni kuti izitha kukwera pamchenga, n'chifukwa chake pamafunde inkayendetsa anthu chizungulire mpaka asilikali kusanza m'zipewa. Kutsogolo inali ndi zitseko ziwiri zazikulu zotseguka ngati kukamwa, ndi mlatho wachitsulo wotsika ndi maunyolo. Zitsekozo ndizo zinali ntchito ya bambo Doring.

Pa nkhondo ya kuzilumba zakummwera, ankapita atanyamula akasinja ndi anyamata oimba nyimbo, pobwera n'kunyamula mabokosi. Ulendo wina mabokosiwo anachuluka, malo n'kuchepa, ena anawaimika chilili kukhoma ngati masache. Funde lililonse likamenya, bambo Doring ankamva zam'katimo zikutsetsereka. Nkhaniyi anaikamba kamodzi kokha, kwa mkazi wawo, koma ana anaimva kudzera m'matabwa a chipinda.

Atapuma ntchito anamanga nyumba yomwe kumaso kwake kunali zitseko ziwiri ndi mlatho wamatabwa. Pa chikondwerero cha tchalitchi ankazitsegula, msewu wonse n'kukwera kudzadya. Bambowo atafa ziwalo, Crispulo anakhomerapo mashelefu.

"Titsegule kumaso," anatero Luningning.

Crispulo anaseka monyodola. "Ndimadikira zomwezo. Mahinjesi amenewa adyedwa ndi mchere, achemwali. Tikatsegula sizidzatsekekanso. Inu Lachisanu mukwera ndege, ine ndizigulitsira pati? Pamutu?"

"Ndikutumizira zokonzetsera."

"Tumizani, ndi zomwe mumatha. Munatumiza njinga ya olumala, munatumiza mafuta opaka, mwatumiza bokosi. Amene ankawatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda ndani? Okala iyi ndi yomwe inandisunga pakhomo pano. Lero mukuti ndiigumule chifukwa cha zogwirira zanu zamkuwa?"

Mawuwo anamulowa, chifukwa anali oona. Ku Milan ankadziwa kutembenuza nkhalamba yekha osaidzutsa. Bambo ake sanawatembenuzepo.

"Ndiye tigule lina laling'ono," anatero motsitsa mawu.

"Tiwatulutse m'bokosi anthu atawapempherera kale? Mukufuna atiimbe mpaka chaka chamawa?"

Mpando unakwekwereka. Mayi Perpetua anapita ku mashelefu aja, natenga chitini chimodzi, kuchiika pansi pafupi ndi khoma lam'mbali. Anabwerera, natenga china. Ankazindandalika bwinobwino.

"Amayi, siyani," anatero Crispulo.

Anatenga chachitatu.

"Amayi, mugwa."

"Wawasamala bwino bambo ako, Pulong," anatero mayiwo kwa Crispulo akuwerama. "Sindinakuuzepo. Kwatsala apa pokha."

Crispulo anayang'ana zitini zija. Kenaka analowa kukhitchini, nabwera ndi chitsulo chozulira misomali. Mchemwali wake atayandikira kuti athandize, anamupatsa katoni osamuyang'ana.

Misomali inkalira pozuka. Chitseko chakumanja chinatseguka mokakamira, chikugwetsa dzimbiri. Chakumanzere chinayenda pang'ono, hinjesi yakumtunda n'kuthyoka, chitseko chonse n'kulendewera ngati phiko la nkhuku yogundidwa. Crispulo anachiyang'ana, natukwana chapansipansi, nayamba kumasula zingwe za mlatho.

Kuwala kunalowa mpaka pa makandulo. Luningning anadikira kuona nyanja yomwe ankasambamo ali mtsikana. Anaona msewu wa malole ndi khoma la nyumba yosungiramo katundu, pamalo pomwe anthu anakwirira nyanjayo ndi dothi. Anthu obwera kumaliro omwe anali panja anasiya kusewera makhadi, naimirira.

Amuna asanu ndi mmodzi anagwira zogwirira zija. Pamalo pa msuweni wina panalowa Luningning, kumbuyo kwa mlongo wake. Bokosi linali lolemera kuposa momwe linkaonekera pa foni.

"Dikirani," anatero mayi Perpetua.

Anavula masilipasi natsika mlathowo okha. Atafika kunsi anaponda dothi ndi chidendene, kumanja, kumanzere, ngati munthu woyesa mchenga ngati ungapirire kulemera kwa chitsulo. Kenaka anatembenukira kunyumba, nakweza manja onse awiri, zikhatho zitaloza kumaso kwawo, nayamba kuyenda chammbuyo pang'onopang'ono akukodola, monga ankachitira amuna awo potsitsa akasinja pamchenga.

"Kwezani kutsogoloko," anatero. "Lifanane. Eya. Bwerani nawo."