Wendell Asaonere

Wendell Pruitt anaimika thiraki kuseri kwa malo odyera a Marisol dzuwa lili paliwombo. Anazimitsa injini. Sanatsike msanga. Pakhomo pa malowo pankakupiza mbendera yobiriwira, pakati pake nkhandwe yoyasamula. Mbendera ya kwawo. Kuno ku Elko, m'chipululu cha Nevada, kumene mphepo imanunkha fumbi ndi dizilo.

Sizinamudabwitse. Anali atazungulira dziko lonse ndi katundu wa eni: mbatata za ku Idaho, matabwa a ku Oregon, mafiriji opita ku Texas. Kulikonse nkhandwe ija inkafika iye asanafike. Pachipewa cha wothira mafuta. Pagalasi lakumbuyo la basi ya ana asukulu. Kumanda ena ku Kansas anaipeza itazokotedwa pamwala. Ashgrove ndi koleji ya m'mapiri a Kentucky, tauni yake ya misewu yowerengeka, koma timu yake ya basiketibo, Ankhandwe, inali ya aliyense. Anthu amene sanapondeko ankangoti "ife". Ife tapambana. Ife tapeza wamtali watsopano.

Wendell ndiye anabadwira komweko, mtunda woyenda wapansi kuchokera pabwalo la timuyo. Ndipo ndi iyeyo amene sankaloledwa kuonera.

Zinayamba ali wamng'ono. Tsiku lina analowa pabalaza ndi mbale ya mbuliwuli, Ankhandwe akutsogola. Atangokhala pansi, mpira unatembenuka. Anagonja. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Bambo ake, a Harlan, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe uli ndi minyama. Pita pakhonde."

Onse anaseka. Iyenso anaseka, natuluka. Ankhandwe anapambana. Basi, mlandu unathera pomwepo. Kuyambira tsikulo aliyense m'nyumbamo anali ndi ntchito yake. Mchemwali wake Loretta ankakhala pansi, kumanzere kwa kanema, osasuntha. Mayi awo ankavala juzi imodzi osaichapa mpaka Malichi, mwezi wa mpikisano, atatha. Wendell anali wa pakhonde.

Anaphunzira kuonera ndi makutu. Bambo ake akamenya tebulo, woyimbira mpira walakwitsa. Loretta akalira ngati mluzu, mpira uli m'mwamba. Zotsalazo ankadzijambulira yekha m'mutu. Bwalo lake linali lamdima, lalitali ngati tchalitchi, osewera akuyandama mwakachetechete ngati nsomba. Anakula, anameta ndevu, anakwatira, ukwati unatha, koma masana a mpira ankazimitsa wailesi n'kumangoyendetsa.

Lero ayi. Opambana lero ankapita kundime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse. Kentucky inali kutali, kuseri kwa mapiri ndi zigwa zosatha. Minyama nayo imatopa panjira, anaganiza choncho. Kuno palibe womudziwa. Kamodzi kokha, ndi maso ake.

Anatsika n'kulowa.

M'katimo munali mobiriwira mokhamokha. Anthu a kumigodi, anamwino, achikulire a zipewa zazikulu. Fungo la mapiko a nkhuku ndi anyezi wokazinga. Kanema wamkulu pakhoma.

"Takulandirani, bambo wa thiraki!" anakuwa mayi wamfupi kuseri kwa kauntala. Anali Marisol mwini wake. "Ndinu wathu kapena mwangobwera kudzadya?"

"Wanu."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Ashgrove."

Marisol anaika pansi jagi ya khofi. "Ashgrove yeniyeniyo?"

"Yomweyo."

Chimphona china cha ndevu zofiira chinadzuka, mpando n'kugwa. "Abale inu, khalani chete! Pano pafika munthu wopuma mpweya umodzi ndi anyamata athu!" Chinamugwira dzanja ngati chikufuna kulizula. "Ndine Duane. Ine Kentucky ndimangoiona pamapu, achimwene. Koma mukandicheka apa, magazi atuluka obiriwira."

"Atuluka mowa," anatero Marisol.

"Mowa wobiriwira, mayi. Apatseni mpando wakutsogolo a Ashgrove awa. Inu a Gus, sunthani, mwakhalapo kokwanira, simunatibweretsere chikho."

Anamukhazika patsogolo penipeni. Mbale inabwera yokha. Mpira unayamba.

Bwalo silinali lamdima. Linali lowala ngati uchi. Wendell anaiwala kutafuna. Anyamatawo sankayandama, ankathamanga, nsapato zikulira ngati mbalame. Panali mmodzi woonda, Whitlock, amene ankaima m'malere kanthawi asanaponye, ngati akumvetsera kanthu. Mpira unkachoka m'zala zake, n'kukwera, n'kukwerabe, n'kutsika mu ukonde osakhudza chitsulo. Ukonde unkagwedezeka pang'ono ngati siketi. Zimenezi khoma la kwawo silinamuuzepo.

"Mukulira, achimwene?" anafunsa Duane.

"Ndi tsabola."

Kenaka Whitlock anaphonya. Anaphonyanso. Mnzake anaterereka, mpira n'kupita kwa adani ovala zofiira. Ofiirawo anagoletsa. Anagoletsanso. Phokoso la m'chipindamo linayamba kuphwa ngati tayala loboola. Wendell anamva kuzizira kumsana, kuzizira kwa pakhonde kuja.

Foni inanjenjemera m'thumba. Loretta.

"Iwe Wendell, uli kuti?"

"Pamsewu, achemwali."

"Pamsewu pamalira wezulo? Ndikumva ine. Ukuonera."

"Ndili ku Nevada. Kutalitali."

"Kaya ukhale kumwezi. Tuluka."

"Achemwali, ndine munthu wamkulu. Ndili ndi imvi."

"Imvi zako sizigoletsa." Mawu ake anatsika. Anamva chitseko cha kukhitchini chikutsekedwa kumeneko. "Ababa tawakhazika pampando wawo, botolo la mpweya lili pambali. Akana kugona. Zimene ananena adokotala unazimva wekha. Malichi winayo sadzamuona. Usawalande uyu, Wendell. Chonde."

Anayang'ananso kanema. Uchi uja. Whitlock akupukuta manja pakabudula. Anadzuka.

"Kuti nanga, a Ashgrove?" anatero Duane. "Mukutithawa pamavuto?"

"Ndikaone matayala."

Panja mphepo inamulandira. Anazungulira nyumba kufuna pobisala. Kumbali, pansi pa zenera, panali gogo atakhala pampando wopinda, bulangeti lobiriwira pamiyendo, msana kukhoma. Maso ake anali kumapiri akutali, kumene chipale chinali chisanasungunuke.

Gogoyo anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwathamangitsidwa kapena mwadzithamangitsa?"

"Pepani, amayi?"

"Munthu satuluka mpira uli pakati, mbale yodzaza n'kuisiya patebulo. Ndinu wa minyama inu."

Wendell anaseka mosafuna. "Zikuoneka pankhope?"

"Pamapewa. Tonse timayenda choncho. Khalani pakreti apo, mwana wanga. Ndine Odessa Tackett. Chimphona chopokosera m'katimo ndinachibala ndine."

"Duane ndiye amakuikani kuno?"

"Anandiika ndi bambo ake. Iwo anapita kale, koma lamulo lawo likadali ndi mano. Ndikangoyandikira chitseko, Duane amagwada. Amayi chonde, amayi chonde. Munthu wophwanya miyala mumgodi." Anapukusa mutu. "Koma amandibweretsera khofi nthawi yopumulira. Wa shuga wambiri, wa chikumbumtima."

Wendell anakhala. Zenera linali pamwamba pa mutu wake. Kungoimirira n'kutembenuza khosi, basi, akanaona zonse.

"Musaganize kuti muli nokha," anapitiriza gogoyo. "Msuweni wanga ku Maine amakhala m'galimoto, m'garaja. Kuli m'busa wina ku Georgia, mpingo wake umamutuma kukayendetsa galu. Galu alibe, amachita kubwereka."

Wendell anatsinzina. Anaona dziko lonse lili chigonere pansi pa dzuwa la Loweruka, misewu yonse imene anayendamo. M'tauni iliyonse nyumba yowala zobiriwira, anthu atapanikizana m'kati. Ndipo kunja kwa nyumba iliyonse munthu mmodzi, msana kukhoma. Pakhonde, pamasitepe, m'munda wa chimanga, pagombe. Khamu lalikulu la anthu osaonana, onse atanyamula timu imodzi posaiyang'ana.

"Tikanakhala ndi mphamvu zimene amatinenerazo," anatero, "bwenzi Ankhandwe asanagonjepo."

"Shh. Zimenezo sitinena mokweza. Mungatichotsetse ntchito."

M'katimo munaphulika chimkokomo. Khoma linanjenjemera kumsana kwawo.

"Chigoli cha kutali chimenecho," anatero Odessa.

"Cha kutali. Whitlock."

"Mwadziwa bwanji?"

"Anayamba akhala chete. Akamaponya iyeyo anthu amayamba akhala chete."

Gogoyo anamuyang'ananso, tsopano mwaulemu. Anatambasula bulangeti kuti mbali ina ifike pamaondo a Wendell.

Anaonera limodzi choncho, maso kumapiri. Mapazi akagunda pansi, Ankhandwe alanda mpira. Marisol akatukwana m'Chisipanishi, woyimbira wadya zake. Duane akayamba kuitana Mulungu ndi maina onse, zafika pothina. Mitambo inkadutsa pang'onopang'ono pamwamba pa chipale. Wendell anaona kuti bwalo la m'mutu mwake lasintha. Mdima uja unachoka. Linatsala la uchi.

Uthenga unalowa pafoni. Loretta. Zikuyenda, usasunthe, ababa akuseka.

Phokoso linakwera, linakwerabe, anthu akuwerenga limodzi nthawi yotsala. Wendell anadziwa. Atsala pang'ono kufanana, mpira womaliza uli m'manja mwa Ankhandwe. Kenaka bata. Bata la Whitlock.

Miyendo yake inafuna kudzuka yokha. Khosi linayamba kutembenuka. Anaganiza za botolo la mpweya pambali pa mpando. Anagwira kreti ndi manja onse awiri, nayang'anitsitsa nsonga ya phiri limodzi mpaka maso anatuluka misozi.

Bata lija linatalika. Mpira uyenera kuti unkazungulira pachitsulo.

Ndiye kunamveka kubuula. Kumodzi, kwa anthu onse pamodzi, ngati ng'ombe yaikulu ikugona pansi. Mpando unagwa. Wina anazimitsa kanema.

"Watuluka," anatero Odessa.

"Watuluka."

Pamsewu waukulu mathiraki ankadutsa ngati palibe chachitika.

Foni inalira. Wendell anayankha.

"Ababa akukufuna," anatero Loretta. Mphuno zinali zotsekeka.

Kunamveka phokoso la foni ikusintha manja, kenaka mpweya wolemera, wokoka movutikira.

"Wendell."

"Ababa."

"Anyamata aja." A Harlan anapuma. "Timu imene ija sindinaionepo chibadwire. Sakanagonja kwa ofiira aja. Sizikanatheka." Anapumanso. "Unasuzumira, eti? Kumapeto kuja."

Wendell anatsegula pakamwa kuti akane. Anali ndi mboni pambali pake, ya bulangeti. Koma mawu a bambo ake sanali aukali. Anali opempha. Munthu wokalamba, Malichi wake womaliza m'manja, akufuna kumva kuti timu yake inali yoposa onse m'dziko, kuti sinagonje kwa munthu, inangopunthwa pa mwana wake wosamva.

"Ndinasuzumira, ababa."

"Ehe!"

"Pang'ono pokha. Pazenera."

"Ndinadziwa ine! Loretta, wamva? Anasuzumira!" Chifuwa chinawagwira, koma m'kati mwa chifuwamo munali kuseka. "Mwana wopusa iwe. Mpira unali utalowa kale umene uja. Unachita kuutulutsa ndi maso."

"Pepani, ababa."

"Chikho chathu chimene chija. Aliyense waona." Mpweya unakokedwanso, koma tsopano mofatsa. "Nanga unamuona Whitlock? Mmene amaimira m'mwamba muja?"

"Ndinamuona."

"Ndiye waona chinthu, mwana wanga. Yendetsa bwino. Ukamadutsa ubwere, ndidzakukalipire pamaso."

Foni inaduka. Loretta sadzamulankhula mpaka chilimwe, ankadziwa. Nkhaniyi idzafika kutchalitchi mawa, kwa ometa tsitsi mkucha. Ku Ashgrove adzafa nalo dzina limeneli.

Odessa ankapinda bulangeti mosafulumira.

"Mwanama," anatero.

"Ee."

"Khosi lanu ndimaliona ine. Silinafike."

"Silinafike."

Chitseko chakumbali chinatseguka. Duane anatuluka, maso ofiira kuposa ndevu, chipewa m'manja. Anaima patsogolo pa mayi ake ngati mwana wotayika pamsika.

"Amayi," anatero mwapansipansi. "Simunayang'ane, eti?"

Gogoyo anaponya diso kwa Wendell. Kenaka anatambasula dzanja kuti mwana wake amudzutse.

"Kamodzi kokha, Duane," anatero. "Khosi linandiyabwa."