Oyilo pa Maluwa a Ukwati

A Lameki a ku Mlonyeni akamva mawu akuti dzimbiri, manja ankawayabwa. Chiyambire matipate ankakhalira pansi pa mtengo wa mango kukonza njinga za anthu opita ndi shuga kumalire, ndipo kwa iwo kunalibe nthenda yokana oyilo.

Akazi awo, a Felista, anali ndi maluwa ataliatali a holihoki kuseri kwa nyumba, mbewu yopempha kwa asisitere ku Kachebere. Anawadzalira ukwati wa mwana wawo Tiyamike, ndipo anali atalonjeza kale pamaso pa amayi a mpingo kuti paguwa sipadzaoneka duwa lapulasitiki. Ukwati uli pafupi, masamba anatuluka timadontho tofiirira kunsi kwake. Mayiwo anada nkhawa, nakaitana mlangizi wa zaulimi.

"Ili ndi dzimbiri, mayi," anatero mlangiziyo. "Thotholani masamba odwalawo muwatenthe. Madzi muzithira patsinde, osanyowetsa masamba."

A Lameki ali kuseri kwa mpanda anatolapo liwu limodzi lokha. Akazi awo atapita kukwaya, anatenga kansanza ndi chitini cha oyilo wakuda, n'kuyamba kupaka tsamba ndi tsamba, uku akuimba mluzu.

"Bambo a Tiyamike, mwawatani maluwa anga?" anafunsa a Felista atabwerako.

"Ndawapanga sevisi. Simunawamve alangizi? Dzimbiri."

"Ndiye mwaonapo tcheni pamenepa?"

Dzuwa litawomba, masamba onse opakidwawo anafota, odwala ndi abwino omwe. A Felista analira. Anawathothola onse n'kuwatentha, ndipo anayaka bwino zedi chifukwa cha oyiloyo. A Lameki anafuna anenepo za kuyakako, koma ataona nkhope ya akazi awo anabwerera kunjinga zawo. Manyazi anawagwira, moti m'mawa uliwonse ankathirira okha patsinde mwakachetechete, njinga za eni zikudikira. Mwayi unalipo umodzi: kunsonga, kotulukira maluwa, kunalibe madontho, ndiye mmisiri sanapakeko.

Tsiku la ukwati maluwa anaima paguwa atamasula bwino, mapesi ali mbulanda ngati masipoko. Tiyamike atawaona anamwetulira, amayi ake mtima n'kukhala pansi.

A Lameki anawanong'oneza, "Mwaona? Dzimbiri latheratu."

"Eya, latha," anayankha a Felista, maso ali kwa mkwatibwi. "Oyilo wotsala uja ndakusungirani. Mawondo anuwo ndawamva akulira pogwada."